Kudyera pa Tsamba Limodzi ndi Mkamwini

Pa Amalawi onse a ku Balbriggan palibe amene angalumbire kuti anawaonapo a Nachisale atakhala pansi mpaka kumaliza kapu ya tiyi. Mayi amenewa mpando umawayabwa. Kutchalitchi amasankha benchi ya pakhomo, m'basi amaimirira ngakhale mipando ili yopanda anthu, ndipo kunyumba amadyera pa sinki, jekete atavala kale. Ukawaimitsa pamsewu kuti uwapatse moni amayankha akuyenda chammbuyo: “Tili bwino, kaya inu, basi ikundisiya!” Nthawi zina basiyo kulibe n'komwe.

Pa kabaji ka kuntchito panalembedwa kuti Getrude, koma ife timawadziwa ndi dzina la kwawo ku Linthipe. Anafika ku Ireland mwana wawo Daphne ali wa zaka zitatu, opanda bambo wa mwanayo, opanda m'bale aliyense. Zaka zoyamba anakhala m'hositelo ya anthu opempha malo, chipinda chimodzi ndi mayi wina wa ku Congo, kudikira mapepala. Amene anakhalamo amati kudikira kumeneko kumamusiya munthu ndi matenda: ena amagona usana wonse, ena amalephereratu kukhazikika. A Nachisale anatenga achiwiriwo. Mapepala atatuluka anapeza ntchito panyumba ina yosamalira okalamba ku Swords, ndipo mpaka lero ali pomwepo, kusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza makolo a eni ake, shifiti pamwamba pa shifiti.

Za miyambo ankanena okha kuti anazisiya pabwalo la ndege ku Lilongwe. “Ine munthu wosambitsa madala aamuna tsiku ndi tsiku, ndiye muzindiuza za mwambo? Aaa, ndisiyeni!” Daphne anakula osadziwa kugwada popereka madzi. Amake akamukalipira m'Chichewa iye ankayankha m'Chingerezi, ndipo a Nachisale analibe nthawi yoti adandaule nazo.

Mwanayo atakula anabweretsa mnyamata pakhomo, dzina lake Jomar, Mfilipino wokulira ku Finglas, wokonza zamagetsi pabwalo la ndege. Mnyamata wofatsa, wosekerera, woti akalowa m'nyumba nsapato amavulira pakhomo. A Nachisale ankamutenga ngati mwana wa pakhomo. Ankamutuma kuti aone makina ochapira, ankamuseka tsitsi lake loimirira, ankamukakamiza mandasi mpaka kupempha chifundo. Zonsezi zinatha tsiku lomwe Daphne analowa ndi mphete pachala. M'mawa mwake Jomar atagogoda, miyendo ya a Nachisale inawathawitsira kuchipinda yokha, iwo asanaganize n'komwe. Moni anamupatsira kuseri kwa chitseko, ndi mawu apansipansi: “Mwadzuka bwanji, bambo?”

Mwana wokulira kuno zimenezi sangazimve, ndiye tinene. Kwawo kwa a Nachisale, mwamuna akafunsira mwana wako wasanduka mkamwini, ndipo iwe ndiwe mpongozi wake. Simuyang'anana kumaso, simugwirana chanza, dzina lake sulitchula, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Kudyera mbale imodzi ndiye musanene, n'chamanyazi choti mudzi wonse ungagwire pakamwa. Si chidani ayi. Ndi ulemu waukulu kuposa wina uliwonse umene mayi angapatse mwamuna wa mwana wake. Mwambo umenewu unali utagona mwa a Nachisale zaka zonsezi, ndipo unadzuka wokha osawapempha.

Koma kumufotokozera Daphne, pakamwa pankawalemera. Nkhani zotere mayi sauza mwana wake. Ndi za ankhoswe ndi azakhali. Ndiye anangokhala chete, Jomar akafika iwo zii kuchipinda, ndipo Daphne anayamba kubwera kunyumba mwa apo ndi apo. Loweruka ku Finglas, Lamulungu ku Finglas. Kumeneko kuli nyumba yodzaza anthu, azakhali, amalume, kuimba pa maikolofoni, mpunga wosatha mumphika. Amake a Jomar, nesi wa zaka zambiri dzina lawo mayi Luz, Daphne anali atayamba kuwatchula kuti “Mama Luz.” Liwu limeneli linkawabaya a Nachisale pamtima penipeni. Mwana mmodzi yekhayo, amene anamubereka kumsana m'makonde a hositelo, anali kuwapulumuka m'manja iwo akuona, ndipo usiku ankangotembenuka pabedi ndi mantha akuti tsiku lina adzapita osabwereranso.

Kenaka kunabwera uthenga. Afilipino nawo ali ndi mwambo wawo, wa dzina lalitali loti lilime lingapindike, woti banja lonse la mwamuna lipite kwa makolo a mkazi ndi chakudya kukapempha mwana. Poti kanyumba ka a Nachisale ndi koti anthu anayi akalowa wachisanu aime panja, anagwirizana zokakumana Lamulungu masana ku lesitilanti ina ya Chifilipino mumzinda wa Dublin.

A Nachisale anathamangira kwa bambo Greenwell, mkulu wa mpingo wawo, wa ku Ntcheu, woyendetsa galimoto yonyamula zakudya za m'ndege.

“Bambo Greenwell, inu ndinu munthu wamkulu, zinthu izi mukuzidziwa. Mwana uyu kuno alibe malume. Mukakhale nkhoswe yathu. Mukawauze anthuwo bwinobwino, m'Chingerezi chanu chija, chifukwa chake ine sindingadye pamodzi ndi mkamwini. Andipatse kanga kambale pambali, basi.”

“Nkhani yaing'ono imeneyo, mayi,” anatero bambo Greenwell akudzigunda pachifuwa. “Tikakumane pa siteshoni ya sitima ya Connolly one o'clock, zonse mundisiyire ine.”

Lamulungulo a Nachisale anadzuka kusanache, anasita chitenje chimene chinali chositasita kale, anamanga duku, anamasula, anamanganso. Sanalawe kanthu, ngakhale tiyi. Daphne anali atagona ku Finglas, ati kuthandiza zokonzekera, choncho sitima anakwera okha. Anakhala pansi, anaimirira, anapita kukaima pachitseko, anabwerera. Mzungu wina wachikulire anawafunsa ngati akudwala. Sitima itangodutsa Malahide, foni inalira.

“Mayi, pepani kwambiri,” anali bambo Greenwell. “Andiitana kuntchito, mnzanga wadwala, ndipo supervisor sakumva zanga.”

“Mukuti chiyani, bambo Greenwell?”

“Ingokadyani nawo, mayi. Kuno ndi ku Ulaya, palibe amene akakuoneni.”

“Palibe amene akandione! Nanga ineyo ndilibe maso?”

Anadula foni. Koma abale, amuna ena! Dzulo kudzigunda pachifuwa ngati mwini dziko, lero supervisor. A Nachisale anatsika pa Connolly mtima uli m'mwamba, anayenda mofulumira ngati akuthamangitsidwa, anaphonya kamsewu kake, anabwerera, mpaka anaona chikwangwani chija Daphne anawauza. Pakhomo anaima kaye n'kupuma. Maganizo obwerera kunyumba anawafikira ndithu, koma anadziwa kuti akatero ndiye kuti mwana amutaya lero lomwe.

M'katimo munali fungo la adyo, viniga ndi nyama yootcha. Anthu anali phwamwamwa, akuluakulu ndi ana, onse kulankhula nthawi imodzi. Pakati panali tebulo lalitali loyalidwa masamba a nthochi, enieni obiriwira, mu Dublin muno! Pamasambapo anali atathira mpunga kuchokera kumutu mpaka kumapeto ngati mzere wa mbatata, ndipo m'mbali mwake munali nsomba zootcha, nkhumba yokazinga, nkhanu, mabiringanya, mango odula, ndi tizilombo tina ta m'nyanja tofiira tandevu. Mbale panalibe, supuni panalibe. Poyamba mtima wa a Nachisale unasekerera: anthu awa amadya ngati anthu, ndi manja. Kenaka anayang'anitsitsa. Tsambalo linali limodzi kwa onse.

“Balae!” Kamayi kakafupi kamphamvu kanawakumbatira asanakonzeke. Anali mayi Luz.

“Akuti asewere, Mum,” anatero Daphne, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe. Liwu limenelo analiphunzira kuti, kaya.

A Nachisale anamwetulira, anagwira chanza azakhali ndi amalume, mayina akulowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ndiye anthu anapatuka, ndipo Jomar anabwera atavala malaya oyera opetedwa, anawerama pamaso pawo, n'kutambasula dzanja kuti atenge lawo. Kwa Afilipino mwana akafika pamaso pa wamkulu amatenga dzanja la wamkuluyo n'kuligunditsa pamphumi pake, kupempha madalitso. Wamkulu wokaniza dzanja ndiye kuti wakana kudalitsa. A Nachisale izi sankazidziwa, ndipo ngakhale akanazidziwa, thupi linali litayankha kale. Manja onse awiri anawabisa kumbuyo, nkhope anatembenuzira kukhoma, anapinda mawondo pang'ono n'kunong'ona, “Zikomo, bambo.”

 Mnyamata anatsala chiweramire, dzanja lili m'malere. Kenaka anaweramuka pang'onopang'ono, makutu ali psuu, n'kuseka kaseko kopanda mutu. Malume wina anaomba m'manja n'kufuula kuti tidye kaye, nkhani pambuyo.

Mlendo wolemekezeka anamukhazika malo aulemu, pakati penipeni, pambali pa mayi Luz. Ndipo moyang'anana naye, mphuno ndi mphuno, anakhazikapo ndani? Jomar. Atapemphera, manja onse anagwera patsamba. Anthu awa kudya amakudziwa, inu. Amakanikiza mpunga ndi nsonga za zala, kuukankhira m'kamwa ndi chala chachikulu, uku akuseka, uku akusunthirana nyama. A Nachisale anakhala manja ali pamiyendo, maso ali pa m'mphepete mwa tsamba, malovu ali thoo m'kamwa.

“Nsomba iyi taitanitsira inu,” anatero mayi Luz m'Chingerezi. “Daphne anati imafanana ndi ya kwanu ija mumaisowa.”

Inalidi ngati chambo, yootchedwa bwino, khungu lili bii m'mbali. Jomar, pofuna kukonza zimene sankadziwa kuti walakwa chiyani, anabenthula mnofu wa pamsana ndi zala zake n'kuusunthira kutsogolo kwawo. “For you, Mum.” Mayo ine! Mkamwini kukubenthulira nsomba ndi dzanja lake, n'kukutchula amayi, akukuyang'ana m'maso! A Nachisale anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu, ati akukasamba m'manja. Anasamba, anabwerera, anakhala. Anadzukanso, ati akukakoleka jekete. Anabwerera. Anatulutsa foni kuona ngati bambo Greenwell asintha maganizo. Kunalibe kanthu. Nsomba ija inali pomwepo ikuzizira, ndipo phokoso la patebulo linali likuchepa.

Azakhali ena ananong'onezana, mmodzi n'kukodola woperekera zakudya. Posakhalitsa mtsikanayo anabwera ndi mbale yoyera, mpeni ndi foloko zokulungidwa m'kapepala, n'kuziika mwaulemu pamaso pa a Nachisale. Foloko! Kwa mwana wa ku Linthipe, amene anayamba kudya ndi manja asanamere mano! Anthuwo anali ataganiza kuti mayiyu akunyansidwa ndi zala zawo, kuti ndi Mwafirika wodzimva uzungu. Manyazi ndi mkwiyo zinawakwera pamodzi mpaka m'makutu, koma poti mbaleyo anaiika pa tsamba lomwelo, pamaso pa mkamwini yemweyo, sanaikhudze.

Apa mayi Luz anapukuta zala zawo, anatsamira pafupi, n'kufunsa motsitsa mawu, koma tebulo lonse linamva: “Getrude, ndiuzeni zoona. Vuto ndi chakudyachi, kapena ndi mwana wanga?”

A Nachisale anatsegula pakamwa. Chingerezi ali nacho, chambiri, koma ndi cha kuntchito: kwezani mkono, mezani pang'onopang'ono, mwagona bwanji agogo. Cha nkhani iyi analibe ngakhale liwu limodzi. Anafufuza m'mutu monse n'kupezamo kamodzi kokha.

“Sorry,” anatero, n'kudzuka kutuluka panja.

Kunja kunali kamvula kowaza kaja ka masiku onse. Anayenda mpaka pakona, anabwerera, anapitanso, duku likunyowa. Chitseko chinatseguka mwamphamvu, ndipo Daphne anatuluka maso ali psuu. Iye ankalankhula m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, amake akuyankha m'Chichewa.

“Mum, mwatichita chiyani? Mama Luz akulira m'katimo. Mwakana dzanja la Jomar pamaso pa abale ake onse, mwakana chakudya chawo, ndiye mwati sorry. Mukudziwa chimene amva?”

“Iwe, tsitsa mawu, tili pamsewu.”

“Sinditsitsa! Kuyambira tsiku la mphete mumamuthawa ngati ali ndi matenda. Poyamba munkaseka naye. Wakulakwirani chiyani? Ngati simukumufuna nenani pano, ndimve ndi makutu anga. Katundu wanga ndikatenga mawa, ndipo ku Balbriggan simudzandionanso.”

Chimene ankachiopa usiku uliwonse chinali chitanenedwa, masana, pamsewu, mabasi akudutsa. A Nachisale anasiya kuyendayenda. Anaima nji pamaso pa mwana wawo, ndipo pakamwa paja pankalemera panatseguka.

“Kusamufuna? Ine? Tamvera kuno, mwana iwe. Bambo ako, agogo ako ankadya nawo mbale imodzi. Ankawaitana ndi dzina pabwalo, ‘Iwe Lazaro, takagule mchere!’ Ankaseka nawo, kuwamenya paphewa ngati mnzawo wa kumowa. Ukudziwa chifukwa chake? Chifukwa sankawawerengera. Panalibe ankhoswe, panalibe chinkhoswe, ndipo mudzi wonse unkaona kuti uyu si mkamwini, ndi mnyamata wongodutsa. Ine ndinkapemphera kuti tsiku limodzi lokha amayi anga akakumana nawo panjira apatuke, anthu aone kuti nanenso ndili pabanja. Sanapatuke. Ndipo bambo akowo anadutsadi, iwe uli m'mimba.”

A Nachisale anapitiriza.

“Kwathu mwamuna wa mwana wako umamuopa. Sumuyang'ana, sumugwira, sudya naye. Ukatero ndiye kuti wanena pamaso pa anthu kuti uyu ndi mwamuna weniweni, wabwera kudzakhala. Ine ndikupatse chiyani, Daphne? Awo ali ndi azakhali, amalume, tebulo lodzaza. Ine malume woti ndimuimike pano ndilibe, mudzi ndilibe, ngakhale nkhoswe yobwereka yandithawa pa foni. Chimene ndatsala nacho n'chimenechi basi, kumuopa mwamuna wako. Ndiye iwe ukuti sindikumufuna?”

Misozi inali ikuwatsika, ndipo sanaipukute. 

“Simunandiuzepo, Mum. Zaka zonsezi.”

“Ndikanakuuza nthawi yanji? Pothamangira basi?”

Mtsikanayo anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, chifukwa zala zinali ndi mafuta a nsomba. Atalankhulanso mawu ake anali ofewa, koma sanabwerere m'mbuyo. “Ndamva, Mum. Koma iye si Mchewa. Kwa iwowa munthu amene sadya nawe ndiye kuti sakukufuna, palibe tanthauzo lina. Mukachoka pano osadya, ukwati wonse adzakumbukira zimenezi, ndipo ine ndidzakhala pakati mpaka kalekale. Sindingathe.”

A Nachisale anayang'ana pansi, madzi akuyenderera m'mphepete mwa msewu. Chinthu chimodzi chokha chimene anali nacho choti apereke, mwana wawo anali kuwapempha kuti achitaye. Zinawawawa kwambiri. Koma pakati pa mwambo ndi mwana panalibe chosankha.

“Chabwino,” anatero. “Tiye. Ndikadya naye.”

Potembenuka anaona Jomar ataima pakhomo, jekete yawo ili m'manja. Anali ataitulutsa kuti asanyowe. Iwo anatembenukira kukhoma msangamsanga, osafuna n'komwe, ndipo ali chomwecho anamva Daphne akumufotokozera mnyamatayo mothamanga, mawu akudukaduka. Anamva Jomar akufunsa kanthu, Daphne akuyankha. Jekete inafika paphewa pawo kudzera m'manja mwa Daphne. Pamene ankacheuka, mnyamatayo anali atalowa kale.

Anakhalako panja kanthawi, Daphne akuwakonza duku, iwo akudzilimbitsa mtima ngati munthu wopita kukachotsa dzino. Ndikakhala pansi, ndikamuyang'ana kumaso, ndikatenga nsomba ija, ndikameza. Analowa, anapita kukasamba m'manja kachiwiri, n'kulunjika pamalo pawo mutu uli pansi. Atakhala anakoka mpweya, n'kukweza maso.

Mpando wa kutsogolo kwawo unali wopanda munthu. Mbale ija ndi foloko zinali zitachotsedwa. Kumapeto kwa chipinda, pafupi ndi khomo la kukhitchini, panali katebulo kakang'ono koikapo majagi a madzi, ndipo Jomar anali atakhala pamenepo yekha, atafulatira, malaya ake oyera akuoneka msana wokha. Mbale ija inali pamaso pake. Mwini phwando, tsiku lopempha mkazi, kuchoka patsamba la abale ake n'kukadyera pa majagi! Malume mmodzi anali akung'ung'udza m'chinenero chawo, koma mayi Luz anamudula ndi liwu limodzi lakuthwa. Kenaka anatembenukira kwa a Nachisale, maso akadali onyowa, n'kusunthira kwa iwo nsomba ina yathunthu, yosakhudzidwa ndi munthu.

“Jomar wandiuza,” anatero. “Sindikumvetsa zonse, koma wandiuza. Idyani, balae.”

A Nachisale anayang'ananso msana wa mnyamata uja. Chibadwire chawo palibe munthu anawapatsapo ulemu wotere, ndipo wowapatsayo anali mwana wa ku Finglas amene Linthipe sadziwa n'komwe kuti ili mbali iti. Anatambasula dzanja, anabenthula nsomba, anakanikiza mpunga, n'kuika m'kamwa. Tebulo lonse linaphulika ndi chisangalalo, azakhali aja a foloko akuloza zala zawo n'kumagwedeza mitu kuti mayiyu kudya ndi manja amakutha. Nsombayo inali yokoma zedi, ya mandimu ndi utsi, ndipo njala ya tsiku lonse inadzuka nthawi imodzi.

Daphne yekha ndiye anali asanakhale. Anaima kumbuyo kwa mpando wake, pafupi ndi amake, akuyang'ana mpando wopanda munthu uja, kenaka msana uja kumapeto kwa chipinda. A Nachisale anamusunthira mpando ndi phazi kuti akhale. Mtsikanayo anawagwira paphewa n'kufinya pang'ono. Kenaka ananyamula mpandowo, anadutsa nawo pakati pa anthu, n'kukauika pa katebulo ka majagi, pambali pa Jomar. Anakhala pansi nayenso atafulatira, ndipo dzanja lake linalowa m'mbale ya mnyamatayo.

A Nachisale anasiya kutafuna. Palibe chimene chinalakwika. Mkamwini anali kutali monga mwambo ufunira, ndipo mkazi wake anali pambali pake monga ziyenera kukhalira. Anazipempha okha zimenezi, anazilirira pamsewu, koma sanaganizepo kuti mkamwini akapatuka, mwana wako amapatuka naye. Anali okondwa, ndipo mtima unali kuwawa koopsa. Anayang'anitsitsa misana iwiri ija, mapewa atagundana, akudikira kuti mwina mwanayo acheuka kamodzi kokha. Mayi Luz anawasunthira mango n'kuwafunsa ngati akufuna viniga. Daphne sanacheuke.